Kodi Mwana Wanu Adzakomokanso?

Makolo a m'boma la Mulanje, inu mukudziwa kuti nyengo ya mvula malungo amachuluka, ndipo ana ena amakomoka ndi kuphupha thupi likatentha. Mwana akatsitsimuka mumafunsa kuti, "Kodi zidzachitikanso?"

Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumagwira ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Kumeneku si khunyu. Mwa ana 3 okomoka koyamba, mmodzi amadzakomokanso, koma ambiri amaleka akamakula. Kumakonda kubwereza ngati mwana anakomoka asanakwane miyezi 18, ngati kholo kapena mbale wake ankakomokanso ali mwana, kapena ngati anakomoka thupi litangoyamba kutentha.

Dokotala amaganizira za khunyu mwana akakomoka kawiri, masiku osiyana, thupi lisanatenthe. Khalaninso tcheru ngati kukomokako kunapitirira mphindi 15, ngati kunagwedeza mbali imodzi yokha ya thupi, kapena ngati mwanayo anadwalapo malungo a m'bongo. Kafukufuku wa ku Blantyre wa chaka cha 2010 anapeza kuti mwa ana 132 ochira malungo amenewa, 12 anadzadwala khunyu.

Tsono mwana akakomoka, mgonekeni chammbali kutali ndi moto. Musamuike supuni, chala kapena madzi m'kamwa. Onetsetsani mbali imene ikugwedezeka ndi kutalika kwa nthawi, pakuti dokotala adzakufunsani zimenezi. Pitani naye msanga ku chipatala chapafupi, cha boma kapena cha Mishoni ya Mulanje, kuti akamuyeze malungo.

Kumbukirani: khunyu sipatsirana, ndipo mankhwala ake alipo.