Gasketi ya hedi: musathamangire yotchipa

Galimoto ikamatulutsa utsi woyera, madzi akumatha mu radiyeta, oyilo n'kumaoneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti gasketi ya hedi yapsa.

Injini ya turbo imafuna gasketi yachitsulo, ija yosanjikiza yotchedwa MLS. Yotchipa siichedwa kupsanso, mwina musanafike n'komwe ku Harare kuchokera ku Chitungwiza pa Seke Road. Ngati hedi yapindika, ikapalidwe kaye ku makina, chifukwa gasketi yachitsulo imadana ndi kadzenje ngakhale kakang'onong'ono. Mabawuti otanuka omangira hedi gulani atsopano. Pomanga, yambirani pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, ndi torque wrench, motsata manambala a m'buku la injiniyo. Chonde abale anga, osamanga ndi paipi mongoyerekeza, ndipo silikoni musapakepo.