Phiri la Hora ndi Kasungidwe ka Umboni wa Nkhanza za Nkhondo

Nkhani ino ikuunika momwe anthu a m'boma la Mzimba anasungira mbiri ya nkhanza za pa nkhondo kalelo kulibe nyuzipepala kapena mabungwe oona za ufulu wachibadwidwe.

Angoni a Inkosi M'mbelwa atakhazikika m'derali cha m'ma 1855, anagonjetsa Atumbuka ambiri. Cha m'ma 1880 ena mwa ogonjetsedwawo, motsogozedwa ndi Baza Dokowe, anagalukira Angoni nathawira pa phiri la Hora. Ankhondo achingoni anazinga phirilo mpaka ludzu linawatsitsa anthu aja, ndipo ambiri anaphedwa. Panalibe wowerenga mitembo. Umboni woyamba unali wapakamwa: opulumuka ankasimbira ana awo, akuloza phiri lomwelo.

Njira ina inali gule. Vimbuza, zomwe bungwe la UNESCO linazilemekeza mu 2005, zinakula m'zaka za m'ma 1800 pofuna kuchiza anthu osweka mtima chifukwa cha kuponderezedwa. Zomwe munthu sakanayerekeza kunena pabwalo, ankazitulutsa m'nyimbo mzimu ukamugwira, popanda womuimba mlandu. Vuto lake n'lakuti nyimbo imasunga ululu koma siisunga tsiku kapena chiwerengero.

Zolembedwa zinadza mochedwa, ndipo wogwira cholembera aliyense anali ndi mbali yake. Mmishonale Walter Elmslie, m'buku lake la mu 1899 la *Among the Wild Ngoni*, ankalembera anthu a ku Scotland omwe ankathandiza mishoni. Mutu wa bukulo ukuonetseratu maganizo ake. Mbiri yomwe Saulos Nyirenda analemba, yofalitsidwa mu 1931, ikuyankhulira Atumbuka ndi Ahenga. Yesaya Chibambo anatulutsa *Makani gha waNgoni* mu 1932 poimira Angoni, koma chochititsa chidwi kwa ife ophunzira zilankhulo n'chakuti analemba m'Chitumbuka, chilankhulo cha ogonjetsedwa aja, chomwe ana a Angoni anali atayamwira kwa amayi awo.

Mu 1902 Donald Fraser anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Embangweni, kum'mwera kwa bomali. Wofufuza wopita kumeneko kapena pa boma pa Mzimba aziyamba wafunsa chiwongo cha wofunsidwayo, cha kwa bambo ndi cha kwa mayi komwe, pakuti mabanja ambiri ali ndi magazi a ozinga ndi a ozingidwa omwe. Pansi pa phiri lomwelo ndi pomwe Angoni amasonkhana mwezi wa Ogasiti kuchita mwambo wa Umthetho.