Phunziro: Nyumba Nja Ine, Nthaka Nja Mwini

Ku America kuli nyumba zimene zimangidwa m'fakitale, ndipo zikokedwa ndi lole kufikira pamalo pokhala. Mtengo wace ucepa, cifukwa cace osauka ndi okalamba ambiri akhala m'menemo. Anthu ena azigula, nazikonza, naikamo anzao olipira lendi, kuti apindule. Kodi woyamba malonda awa ayenera kudziwa ciani?

Coyamba ndico caka. Pa 15 June 1976 Boma la America linayamba kusunga lamulo la kamangidwe ka nyumbazi. Zimene zinamangidwa tsikulo lisanafike zibvuta kugulitsa, pakuti mabanki ambiri akana kukongoza ndalama pa izo.

Caciwiri, ndico cacikuru, ndiyo nthaka. Ambiri nyumba nja iwo, koma malo alipira mwezi ndi mwezi. Nyumba ikalamba monga galimoto, pamene nthaka ikwera mtengo. Ndipo ngakhale ichedwa yoyenda, kuisuntha kudya madola zikwi zingapo, ndi yakale ikhoza kusweka panjira. Tsono mwini malo akakweza lendi, wokhalamo alibe kothawira. Phindu lotere licokera m'mbale ya ana a mnzako.

Koma njira ina iripo. M'caka ca 1984, ku Meredith m'cigawo ca New Hampshire, mabanja 13 anakongola ndalama pamodzi, nagula malo pamene panali nyumba zao. Potero lendi anayamba kupangana okha.

Abale, musanawerenge phindu, yambani mwafunsa: Nthaka nja yani? Lendi akweza ndani? Ndipo iye amene adzagona m'nyumbamo, atalipira, kodi adzatsala nayo ya cakudya?