Kodi kuotcha makala pamunda panga ndi mlandu?

Funso: Ndimalima ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Ndinagwetsa misuku iwiri m'munda mwanga kuti ndiotche makala, anzanga akuti ndimangidwa. Zoona?

Yankho: Anzanuwo sakunama, bambo. Lamulo la Nkhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, limaletsa kuotcha kapena kugulitsa makala a mitengo yachilengedwe popanda chiphaso cha Dipatimenti ya Nkhalango, ngakhale mtengowo utamera pamunda panu. Ndikudziwa, fetereza wadula ndipo thumba la makala silichedwa kugulidwa. Koma mitsinje yomwe mumamwa imachokera m'mapiri omwewo. Kutsidya ku Zambia, mtsinje wa Luangwa umayambira komweko. Musanayatse uvuni, pitani kaye ku ofesi ya zankhalango pa boma la Chitipa mukafunse za chiphasocho.