Malangizo: Tchuthi cha ku Koleji Chisapite Chabe

Lero ndikulankhula ndi inu a ku Jumbe ndi Mambwe yense amene muli ku koleji, makamaka ophunzira uphunzitsi ku Chipata, amene mukufuna malo a attachment.

Ambiri mumathamangira ku Lusaka, pomwe ntchito ili pakhomo. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi adzaza, mphunzitsi mmodzi ali ndi khamu la ana. Pitani kwa ahedi a sukulu yapafupi kapena ku ofesi ya DEBS yoyang'anira masukulu m'boma lanu, mutanyamula kalata ya ku koleji, chiphaso cha NRC ndi CV yatsamba limodzi.

Ku Mfuwe kuli Project Luangwa, yomwe imathandiza masukulu ndi atsikana, komanso Chipembele Wildlife Education Trust, yophunzitsa ana za chilengedwe. Kafunseni nokha ngati ali ndi malo, osadikira chilengezo. Musangoti "ndikufuna ntchito iliyonse." Nenani chimene mungathe: kuwerengetsa ana, kuphunzitsa kompyuta, kutsogolera kalabu ya atsikana. Ngati mumalankhula Chikunda, chitchuleni, chifukwa makolo kumudzi amamasuka ndi munthu wa chinenero chawo.

Za ndalama funsani tsiku loyamba, musachite manyazi. Malo ambiri otere salipira, ndipo Jumbe ndi Mfuwe si pafupi poti n'kumayenda pansi. Dziwiranitu kogona ndi za thiransipoti, makamaka dzinja. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akupezereni malo, mukaneni.

Pomaliza attachment, musachoke opanda kalata yosainidwa ndi kudindidwa, yonena zimene munagwira ndi masiku ake.