Sabata imodzi ku Rome: miyendo ndi mimba ndizo zimalamula

Mphwanga, ukapeza mwayi wa sabata imodzi ku Rome, kaya ndi paulendo wa mpingo, kaya ndi masiku otsalira pamsonkhano wa kuntchito, vomereza msanga kuti mzindawu suumaliza. Anthu akhala akumanga pamalo amenewa kwa zaka zoposa 2,500, nyumba pamwamba pa nyumba inzake, pamene iwe masiku ako ndi 7 okha, ndipo awiri athera m'njira. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tsiku lililonse sankha chinthu chachikulu chimodzi, uchione m'mawa miyendo idakali ndi mphamvu. Masana uziyenda mosathamangira kanthu.

Nsapato zogogoda zisiye kunyumba. Misewu ya m'kati mwa mzinda anaiyala timiyala takuda tosalingana, ndipo pofika tsiku lachitatu mapazi ndi amene amakhala akukuuza kopita.

Matikiti a Colosseum ndi a Vatican Museums gula pa intaneti usananyamuke, pamasamba a eni malowo, chifukwa pakhomo pali mizere yotha maola komanso anyamata okuitanira matikiti amtengo wowirikiza. Ya Colosseum imalembedwa dzina lako, choncho nyamula pasipoti. Tikiti yomweyo imakulowetsa ku Forum ndi kuphiri la Palatine, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzimana: amajambulitsa kutsogolo kwa bwalo la Colosseum lija, lomwe linatsegulidwa m'chaka cha 80, n'kumapita. Iwe lowa ku Forum, ukaime pafupi ndi chipata cha Titus, uyang'ane m'mbali za m'kati mwake. Uona asilikali osemedwa pamwala atasenza choikapo nyale cha nthambi 7 chimene analanda m'kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70. Wowerenga Baibulo aliyense pamenepa amaima kaye. Chuma cholandidwa pankhondo yomweyo n'chimene chinathandiza kumanga bwalo limene wangotulukamolo.

Vatican usaipanikize m'tsiku limodzi. Nyumba zosungiramo zakale ndi zazitali kwambiri, ndipo Sistine Chapel, kumene Michelangelo anajambula kudenga kuyambira 1508 mpaka 1512, ili kumapeto kwenikweni. Ukafika utatheratu, khosi silingalole n'kuyang'ana kumwamba komwe. Kujambula zithunzi mmenemo n'koletsedwa, ndipo ine ndimati anachita bwino, chifukwa ndi malo amodzi mumzindamo pomwe munthu amakakamizika kuona ndi maso ake. Tchalitchi cha St Peter chipatse m'mawa wake wapadera. Kulowa n'kwaulere, koma mapewa ndi mawondo akhale ophimbidwa, amuna ndi akazi omwe. Chitenje m'chikwama chimathetsa nkhani. Lachitatu Papa akakhalapo amakumana ndi anthu, ndipo matikiti ake salipiritsa. Wokuuza mtengo akukubera.

Zinthu zambiri zamtengo wapatali ku Rome zili m'matchalitchi olowa ulere. Ku San Luigi dei Francesi kuli zithunzi zitatu za Caravaggio zonena za Mateyu woyera. Ku San Pietro in Vincoli kuli Mose wa Michelangelo, wakhala ndi ndevu zake ngati adzuka pompano. Awa ndiwo malo oyenera masana aja. Dziwa chabe kuti matchalitchi ena amatseka dzuwa likakhala paliwombo n'kutsegulanso chakumadzulo.

Tsono pa zakudya, popeza ndi pamene ndalama ya mlendo imathera. Sithera pa chakudya chokoma ayi. Imathera pa njala yodzidzimutsa: nthawi yakwana 3 koloko, miyendo yauma, pafupi ndi kasupe wa Trevi pali munthu akukukodola atanyamula menyu ya zithunzi, iwe basi wakhala pansi. Malo oitanira anthu pakhomo ndi oti anthu ake sabweranso kachiwiri. Yenda misewu itatu kapena inayi kutalikira pomwe pali chikhamu, kapena kwera basi upite ku Testaccio, komwe kuli msika wa anthu okhala konko. Komanso tsatira nthawi yawo. Nkhomaliro ndi cha m'ma 1 koloko, mgonero suyamba 7:30 isanakwane, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi makhitchini ambiri abwino amakhala otseka. Njala ikakupeza pamenepo, gula pizza yodula, imene amayeza pasikelo iwe utaloza kukula kwake, kapena supplì, mpunga wokazinga wokhala ndi tchizi m'kati. Udye choimirira, palibe angakudabwe.

Menyu yawo imasokoneza tsiku loyamba. Pasta imabwera payokha, nyama kapena nsomba payokha pambuyo pake, masamba nawo ndi mbale ina ya mtengo wake, ngati kuti akupatsa nsima uyambe wamaliza kenaka n'kubweretsa ndiwo. Palibe lamulo loti uitanitse zonse. Mbale imodzi ya pasta ndi ina ya masamba ndi mgonero wokwanira, ndipo eni ake ambiri amadya choncho. Yesa cacio e pepe, yomwe ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa ndi tsabola wakuda basi. Carbonara, amatriciana ndi gricia zonse zimakhala ndi nyama ya nkhumba ya m'tsaya, yomwe amati guanciale. Ngati chipembedzo chako sichilola nkhumba, lisunge dzinali pamtima, chifukwa pamenyu nthawi zina amangolemba dzina la pasta lokha. Nsomba uichenjerere. Mtengo wake kawirikawiri ndi wa magalamu 100, osati wa nsomba yonse, ndiye funsa kulemera kwake isanapite pamoto. Buledi amene akuikira patebulo ndi madzi a m'botolo nazonso zimalowa pa bilu. Safunsa anadya phula.

Khofi ali ndi mitengo iwiri m'nyumba imodzi. Ukamwera choimirira pakauntala ndi yuro imodzi ndi pang'ono. Ukakhala pampando panja, kapu yomweyo ingakwere katatu kapena kuposa. Mpandowo nthawi zina ndi woyenera kuulipira, makamaka madzulo pa Piazza Navona, bola ukhale ukudziwa kuti ukugula mpando.

Madzi usamagule m'misewu. Mzinda wonse uli ndi mipopi yachitsulo yoposa 2,000 yotuluka madzi ozizira usana ndi usiku, abwino kumwa. Nyamula botolo uzitungira. Ukatseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi amathuvukira m'mwamba pa kabowo kena, n'kumwa bwinobwino popanda kapu.

Pali tizinthu tina tobweretsa chindapusa mosayembekezera. Tikiti ya basi ya pepala uidinditse m'makina ukangokwera, chifukwa yosadinda amaiyesa ngati ulibe, ndipo oyendera matikiti samva zoti ndiwe mlendo. Kukhala pansi pa masitepe otchedwa Spanish Steps analetsa kuyambira 2019. M'basi ndi m'sitima zodzaza, chikwama chikhale kutsogolo, ndipo pasipoti isakhale thumba limodzi ndi ndalama.

Pofika tsiku lachisanu mimba iyamba kufunsa zakwanu. Usachite nazo manyazi. Pafupi ndi siteshoni ya Termini, cha ku Piazza Vittorio, pali msika wa Esquilino komwe anthu ochokera ku Africa ndi ku Asia amagula therere, chinangwa, nsomba zouma ndi ufa wa chimanga. N'chifukwa chake pofuna pogona ndi bwino kusankha pokhala ndi kakhitchini, ngakhale pakhale patali pang'ono. Tsiku lonyamuka usaikepo choona chilichonse. Sitima ya Leonardo Express imatenga mphindi 32 kuchokera ku Termini kukafika ku bwalo la ndege la Fiumicino, koma nsanja yake ili chakumapeto kwa siteshoni, ndiye ukhale utafika nthawi ikadalipo.