Insulini wokhalitsa ndi matenda a shuga

1. Nchito ya insulini m'thupi

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, kuyambira ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cobué, amadya nsima ya cinangwa, nsima ya cimanga, mpunga ndi mbatata. Zakudya zimenezi zikafika m'mimba zimagayidwa ndi kusanduka shuga. Shugayo amalowa m'magazi, ndipo magazi amapita naye ku ziwalo zonse, monga bwato lonyamula matumba a ufa kumidzi. Koma bwato silitsitsa lokha katundu. Pamafunika wotsitsa. M'thupi wotsitsayo ndi insulini.

Insulini amapangidwa ndi kapamba, ciwalo cimene cili kuseri kwa cifu. Iye ndi amene amacotsa shuga m'magazi ndi kumulowetsa m'minofu kuti munthu apeze mphamvu. Insulini akasowa, shuga amangodzaza m'magazi pamene thupi likufa ndi njala. Amenewa ndiwo matenda a shuga.

2. Mitundu iwiri ya matendawa

Mtundu woyamba umagwira kwambiri ana ndi acinyamata. Kapamba amaleka kupanga insulini. Mwana amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amayambanso kukodza pa mphasa ngakhale anali atasiya kale, amaonda msanga ndipo amafooka. Nthawi zina nyerere zimaunjikana pamene wakodza. Mwana wotere afunika jakisoni wa insulini tsiku lililonse, moyo wake wonse. Palibe mapiritsi kapena mizu imene ingalowe m'malo mwake.

Mtundu waciwiri umagwira kwambiri akuluakulu. Kapamba amapangabe insulini, koma wocepa, kapena thupi silimumvera bwino. Odwala ambiri amayamba ndi kusintha kadyedwe, kugwira nchito zolimbitsa thupi ndi kumwa mapiritsi monga a metformin. Pakapita zaka, ena mapiritsi sawakwanira, ndipo dokotala amawaonjezera jakisoni wa insulini.

Matenda a shuga si opatsirana ndipo si ufiti. Mwana wodwala mtundu woyamba sanadwale cifukwa ca kudya nzimbe kapena mango ambiri.

3. Moto wa tinkhuni ndi moto wa cikuni

Mai akafuna kuphika nsima amasonkhezera tinkhuni touma. Moto umayaka kwambiri, nsima imapsa, kenaka moto umazilala. Koma madzulo amasiya cikuni cacikulu pa moto. Cikunico sicilirima. Cimanyeka pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo m'mawa moto umapezeka ulipo.

Kapamba wa munthu wamoyo bwino amagwira nchito m'njira ziwiri zomwezi. Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini wambiri nthawi imodzi. Munthu akagona kapena akakhala osadya, kapamba saleka. Amatulutsabe insulini wocepa usana ndi usiku, cifukwa ciwindi cimasunga shuga ndipo cimamuthira m'magazi nthawi zonse.

Ndi cifukwa cake kucipatala kuli insulini wa mitundu iwiri. Insulini wamsanga ali ngati tinkhuni: amabayidwa munthu asanadye, ndipo mphamvu yake imatha patapita maola ocepa. Insulini wokhalitsa ali ngati cikuni: amabayidwa kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Mwana wodwala mtundu woyamba amafunika onse awiri. Munthu wamkulu wodwala mtundu waciwiri kawirikawiri amayamba ndi wokhalitsa yekha, kamodzi pa tsiku, akupitiriza kumwa mapiritsi ake.

4. Mmene insulini wokhalitsa anapezekera

Kale mwana wodwala mtundu woyamba sankakhala nthawi yaitali. Mu 1921, mu mzinda wa Toronto ku Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anatulutsa insulini m'kapamba wa nyama. Mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa insulini. Anapeza mphamvu ndipo anakhala ndi moyo zaka zina 13.

Insulini woyambayo anali wamsanga. Odwala ankabaya kangapo pa tsiku, ndipo ena ankadzuka pakati pa usiku kuti abayenso. Dokotala wina wa ku Denmark, Hans Christian Hagedorn, anafunafuna njira yoti insulini acedwe kutha m'thupi. Yankho analipeza mu nsomba. Msodzi aliyense amadziwa zoyera zofewa zimene zimapezeka m'mimba mwa nsomba yaimuna. M'zoyerazo muli cinthu cochedwa protamine. Mu 1936 Hagedorn ndi anzake anaonetsa kuti insulini akasakanizidwa ndi protamine amasungunuka pang'onopang'ono pansi pa khungu. Kucokera pamenepo kunapangidwa insulini wa NPH, amene anayamba kugulitsidwa mu 1950. Cilembo ca H m'dzinali cikuimira Hagedorn.

Insulini wa NPH ndi wa mtundu wa mkaka. Amagwira nchito kupitirira theka la tsiku, kotero ambiri amabaya m'mawa ndi madzulo. Mphamvu yake imakwera kwambiri patapita maola angapo, ndipo shuga angatsike pakati pa usiku. Mu 2000 kunabwera insulini wa glargine. Iyeyu ndi woyera ngati madzi, amagwira nchito pafupifupi maola 24, ndipo mphamvu yake sikwera kwambiri nthawi imodzi. Pambuyo pake kunabweranso wa degludec, amene amapitirira maola 24. Mu 2021 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linaika mitundu yatsopanoyi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Komabe ndi yokwera mtengo, ndipo m'zipatala zambiri za boma mu Africa amene amapezeka kwambiri ndi wa NPH. Onsewa amapulumutsa moyo akagwiritsidwa nchito bwino.

5. Vuto la ana a kumidzi

Mu 2003 akatswiri a bungwe la International Insulin Foundation anafufuza za insulini mu Mozambique. Anawerengera kuti pa nthawiyo mwana wa kumudzi amene wapezeka ndi mtundu woyamba ankakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 7 yokha. Mankhwala anali atadziwika kwa zaka 80, koma ana ankafa cifukwa matenda sankadziwika msanga, cipatala cinali kutali, ndiponso insulini, majakisoni ndi zoyezera shuga zinkasowa.

M'boma la Lago ulendo ndi wovuta. Kucokera ku Metangula kukafika kucipatala cacikulu ca ku Lichinga pali makilomita opitirira 100. Midzi ina imadalira bwato, ndipo mwera ukaomba bwato silicoka pa dooko. Banja lanzeru silidikira kuti botolo liume. Limapita kukatenga lina kukadali masiku.

6. Lamulo lalikulu: cikuni cisazime

Mwana akadwala malungo kapena akakana kudya, makolo ena amaganiza kuti, "Poti sanadye, lero asabaye." Maganizo amenewa ndi oopsa. Insulini wokhalitsa sabayidwa cifukwa ca cakudya. Nchito yake ndi kuletsa ciwindi kuthira shuga wambiri m'magazi, ndi kuletsa thupi kudya mafuta ake omwe. Pa nthawi ya matenda shuga amakonda kukwera ngakhale munthu asakudya.

Mwana wa mtundu woyamba akasiya insulini, thupi limayamba kuotcha mafuta mofulumira, ndipo m'magazi mumadzaza poizoni. Mwana amasanza, m'mimba mumapweteka, amapuma mwakuya ndi mofulumira, mpweya wake umanunkhira ngati zipatso zopsa kwambiri, kenaka amakomoka. Zimenezi zingacitike m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo anthu ambiri amaziyesa malungo. Mwana wotere apite kucipatala nthawi yomweyo, ndipo womuperekeza anene kuti ndi wa shuga.

Conco insulini wokhalitsa abayidwe tsiku lililonse pa nthawi yofanana. Woonjezera kapena wocepetsa muyeso ndi dokotala kapena namwino, osati m'bale kapena mnansi.

7. Kabayidwe ndi kasungidwe

Insulini amayezedwa m'mayuniti. Botolo lodziwika limakhala ndi mamililita 10, ndipo mililita imodzi ili ndi mayuniti 100. Wobaya asambe m'manja. Botolo la NPH alikunkhunize pang'onopang'ono pakati pa zikhatho mpaka mankhwala asakanikirane, osalikhuchumula. Insulini wa glargine asasakanizidwe ndi wina m'jakisoni mmodzi. Jakisoni amabayidwa pansi pa khungu pa mimba, pa nchafu kapena pa thako. Malo obaya azisinthidwa, cifukwa kubaya pamodzimodzi kumautsa zotupa, ndipo insulini salowa bwino pa cotupa. Singano zakutha ziponyedwe m'citini cotseka, kutali ndi ana.

Insulini amaonongeka ndi dzuwa, moto ndiponso kuzizira kosandutsa madzi mwala. Botolo losatsegula limasungidwa m'firiji. Kumene kulibe magetsi, mtsuko umathandiza. Mtsuko waung'ono umaikidwa m'kati mwa waukulu, pakati pake pamathiridwa mcenga wonyowa, ndipo pamwamba pamafunditsidwa nsalu yonyowa. Mitsukoyo ikhale pa mthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma amacotsa kutentha. Botolo lisamizidwe m'madzi, likhale m'kacitini kouma. Izi zifunika makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kunyanja kumatentha kwambiri.

Mu 2021 akatswiri a Médecins Sans Frontières ndi a yunivesite ya Geneva anaonetsa kuti botolo lotsegula limakhalabe ndi mphamvu kwa milungu 4 pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kumakhalira m'nyumba za ku msasa wa Dagahaley ku Kenya. Conco kusowa kwa firiji si cifukwa coti mwana amanidwe insulini kunyumba.

8. Shuga akatsika kwambiri

Insulini wokhalitsa akalowa m'thupi sangatulutsidwe. Munthu akadumpha cakudya kapena akagwira nchito yolemetsa, shuga angatsike kwambiri. Munthuyo amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala ndi cizungulire, ndipo amalankhula zosamveka ngati woledzera. Apatsidwe msanga masupuni aang'ono 3 a shuga m'madzi, kapena uci. Pakapita mphindi 15 asanapeze bwino apatsidwenso. Akatsitsimuka adye nsima, mbatata kapena nthoci. Ngati wakomoka asathiridwe kanthu m'kamwa. Agonekedwe cammbali ndi kunyamulidwa kupita kucipatala.

Msodzi wa usipa amene amabaya insulini amapalasa ndi kukoka cilimira usiku wonse, kutali ndi mtunda. Iyeyu adye asanakwere bwato, atenge shuga ndi kamba, asapite yekha, ndipo anzake adziwe za matenda ake. Afotokozerenso namwino za nchito yake ya usiku kuti nthawi ndi muyeso wa jakisoni zigwirizane nayo. Mowa umatsitsa shuga kwa maola ambiri, ndipo ndi woopsa kwa wobaya insulini.

Kusukulu, mwana wa shuga aloledwe kumwa madzi, kupita kucimbudzi ndi kudya kanthu ngakhale phunziro lili m'kati. Akhoza kusewera mpira ndi kusambira ngati anzake, koma asasambire yekha. Mwana wolandira insulini mokwanira amakula, amaphunzira ndipo amadzagwira nchito monga wina aliyense. Pa 14 Novembala, tsiku limene Banting anabadwa, dziko lonse limakumbukira matenda a shuga.

Mawu atsopano

Insulini: cinthu copangidwa ndi kapamba cimene cimalowetsa shuga m'minofu.
Kapamba: ciwalo ca kuseri kwa cifu cimene cimapanga insulini.
Insulini wokhalitsa: insulini wolowa m'magazi pang'onopang'ono kwa maola ambiri.
Yuniti: muyeso wa insulini.

Mafunso

1. Chulani zizindikiro zinai za matenda a shuga mwa mwana.
2. Kodi insulini wokhalitsa akufanana bwanji ndi cikuni?
3. Hagedorn anapeza ciani mu nsomba, ndipo cinathandiza bwanji?
4. N'cifukwa ciani mwana wa mtundu woyamba sayenera kusiya insulini wokhalitsa ngakhale sanadye?
5. Mnzanu wa shuga wayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pa bwalo la mpira. Mungacite ciani?
6. Botolo lili ndi mayuniti 1000. Munthu amabaya mayuniti 25 pa tsiku. Kodi pa milungu 4 adzagwiritsa nchito mayuniti angati? Adzatsala angati?

Nchito

M'magulu, pezani mitsuko iwiri, mcenga ndi nsalu. Konzani cosungira insulini monga mwawerengera. Ikani botolo la madzi m'kati mwake ndi lina panja pa mthunzi. Masana gwirani mabotolo onse awiri, ndipo lembani m'kope zimene mwapeza, m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi.